CHIKOMEKOME CHA MAPU AKALE

Chaka ndi chaka m'dziko la America mumachitika msonkhano umene munthu woumva koyamba angauseke. Abambo ndi amayi, ambiri mwa iwo a imvi kumutu, amasonkhana m'holo yaikulu nayala matebulo m'mizere. Pa matebulopo saikapo golide kapena ndalama zamakedzana ayi, koma mapepala opindapinda, ena ong'ambika m'makona, ena othimbirira ndi mafuta a galimoto. Mapepalawo ndi mapu a misewu amene makampani ogulitsa petulo ankagawa ulere kwa oyendetsa galimoto zaka zambiri zapitazo. Anthuwa amagulitsana mapuwo, kusinthana, ndiponso kutsutsana zakuti awa kapena awo adasindikizidwa chaka chiti. Ali ndi bungwe lawolawo lotchedwa Road Map Collectors Association, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1996.

M'chimangirizo chino ndili ndi mlandu ndi magulu awiri a anthu. Gulu loyamba ndi la amene amaseka osonkhanitsa mapuwa, namanena kuti ndi akuluakulu osowa chochita, otola zinyalala masiku ano pamene telefoni ya m'manja imalozera munthu njira mpaka pakhomo. Gulu limeneli sindichedwa nalo. Lachiwiri ndilo landivuta. Ndi la anthu amene amakonda mapuwa mopitirira muyeso, kaya pa misonkhano yotere, kaya m'mabuku okopa alendo, nawasandutsa umboni wakuti kale ku America kudali nyengo yokoma imene munthu aliyense ankangothira petulo n'kulowa mumsewu, kupita kulikonse kumene mtima wake wafuna. Amenewa ndiwo ndifuna kulimbana nawo.

Tiyambe ndi onyozawo. Mapu a m'telefoni ndi othandiza paulendo, ndipo palibe wanzeru angakane zimenezo. Koma ali ndi chilema chimodzi chachikulu: sakumbukira dzulo. Msewu ukasinthidwa lero, mawa mapuwo aonetsa watsopanowo, ndipo wakale uja wafufutika ngati kuti sudakhaleko n'komwe. Mapu a papepala sangathe kudzikonza motero. Zimene adanena m'chaka chawo adzanenabe zomwezo mpaka chiswe chiwadye. Taonani chitsanzo. Msewu wotchuka wa Route 66, wochokera ku Chicago kupita ku Los Angeles, poyamba unkakhotera kumpoto kukadutsa mumzinda wa Santa Fe, m'chigawo cha New Mexico. M'chaka cha 1937 udawongoledwa nulunjika ku Albuquerque, kusiya Santa Fe pambali. Munthu amene ali ndi mapu a 1935 ndi a 1938 amaona kusinthaku ndi maso ake, ndipo sachedwa kufunsa kuti adapindula ndani, adalira ndani. Ndiponso osindikiza ambiri sankalemba chaka poyera pa mapu awo. Ankachibisa m'timalembo ndi timanambala ta m'mphepete mwa pepala. Osonkhanitsa mapu ndiwo akhala pansi kumasula zizindikirozo chimodzichimodzi, kotero kuti wofufuza mbiri lero angathe kudziwa msinkhu wa pepala limene wagwira. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yodekha yotereyi siyenera chipongwe, ndipo onyoza aja ndawasiya pomwepa.

Kuti timvetse mlandu wa gulu lachiwiri, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Msewu woyamba waukulu womangidwa ndi ndalama za boma la United States udali National Road, umene udayambidwa m'chaka cha 1811 ku Cumberland, m'chigawo cha Maryland, nukathera ku Vandalia, m'chigawo cha Illinois, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Njanji zitabwera, misewu idanyalanyazidwa, ndipo galimoto zitayamba kuchuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 zidapeza njira zakumidzi zili matope okhaokha mvula ikagwa, ndi fumbi lokhalokha ikakata. M'chaka cha 1913 munthu wina wamalonda, Carl Fisher, pamodzi ndi anzake adakhazikitsa Lincoln Highway, msewu wochokera ku New York mpaka ku San Francisco, makilomita oposa 5,400. Dzina lidali lalikulu, koma mbali zambiri za msewuwo zidali njira za ngolo chabe. M'chaka cha 1919 mdipiti wa galimoto za asilikali udatha masiku 62 kuchoka ku Washington kukafika ku San Francisco, uku zikutitimira, uku zikuthyola milatho. Mmodzi mwa asilikali a paulendowo adali Dwight Eisenhower, ndipo dzinali mulisunge, pakuti tikumana nalonso. Mu November 1926 misewu ikuluikulu idapatsidwa manambala m'malo mwa maina, ndipo pa nthawi imeneyi m'pamene padabadwa Route 66, wa makilomita pafupifupi 3,900, wodutsa m'zigawo 8.

Nanga mapu a misewu imeneyi ankapanga ndani? Funso limeneli okonda mapu mopitirira muyeso aja amalidziwa yankho lake, koma salitsata mpaka kumene likupita. Kampani ya mafuta ya Gulf idayamba kugawa mapu aulere cha m'ma 1914 mumzinda wa Pittsburgh. Esso, Shell, Texaco, Sinclair, Conoco ndi ena adatsatira, ndipo ambiri mwa mapuwo ankasindikizidwa ndi makampani atatu: Rand McNally, H.M. Gousha ndi General Drafting. Owerengera amati mapu pafupifupi 8 biliyoni adagawidwa motere, kufikira mafuta adasowa ndi kukwera mtengo m'chaka cha 1973, mwambowu n'kuyamba kuzirala. Tsono wamalonda sagawa katundu wake ulere chifukwa cha chifundo. Msodzi akaponya nyambo m'madzi sitinena kuti akudyetsa nsomba. Mapu aja adali nyambo: cholinga chake chidali chakuti munthu aone mizere yofiira ikutambalala dziko lonse, mtima umudyokoke, ayende ulendo wautali, ndipo thanki ikaphwa akaime pamalo omwetsera mafuta a kampani yomweyo. N'chifukwa chake pachikuto pa mapuwo pamakhala dzuwa likuwala, msewu wopanda dzenje ngakhale limodzi, bambo wachizungu akumwetulira pa chiwongolero, mayi ndi ana pambali, ndiponso mnyamata wa yunifolomu yoyera akupukuta galasi. Munthu amene amatenga chithunzi chimenechi n'kunena kuti umu ndimo mudaliri America wakale akufanana ndi wina amene angalembe mbiri ya mudzi wathu poyang'ana kalendala ya m'sitolo.

Ena adzati: chikuto ndi malonda, tavomera, koma m'kati mwa mapu muli choonadi, pakuti mtunda ndi mtunda ndipo mtsinje ndi mtsinje. Anthu otere amve nkhani ya mudzi wa Agloe. M'zaka za m'ma 1930 akuluakulu awiri a General Drafting, Otto Lindberg ndi Ernest Alpers, adasakaniza malembo oyamba a maina awo napeka dzina lakuti Agloe. Adaliika pa mphambano ina yopanda nyumba m'chigawo cha New York, pa mapu ogawidwa ndi Esso, ngati msampha wogwirira aliyense wokopera ntchito yawo. Patapita zaka, dzinalo lidaoneka pa mapu a Rand McNally. Wakuba wagwidwa! Koma ayi: padapezeka kuti pamalopo padamangidwa sitolo, ndipo sitoloyo idatchedwa dzina la Agloe lomwelo. Bodza lidalembedwa poyamba, njerwa n'kubwera pambuyo kudzalikwaniritsa. Osonkhanitsa mapu amaikonda nkhaniyi, ndipo amaikamba moseka. Ine sindiiona ngati nthabwala chabe. Ngati wojambula mapu angaike mudzi pamene palibe mudzi, angathenso kusiya mudzi pamene pali mudzi, ndipo angathe kujambula msewu wotsekukira onse pamene msewuwo uli wotsekukira ena okha.

Ife a kuno sitiyenera kudabwa ndi mphamvu ya mzere wojambulidwa papepala. M'chaka cha 1881 kudayambidwa msewu wochokera ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika, ndi thandizo la mapaundi 4,000 lochokera kwa James Stevenson wa ku Glasgow. Oyang'anira ntchitoyo awiri, James Stewart ndi William McEwan, adamwalira wina mu 1883, wina mu 1885, ndipo gawo limene lidakonzedwadi lidali laling'ono poyerekeza ndi mtunda wonse. Komabe pa mapu a ku Ulaya Stevenson Road adaoneka ngati msewu wathunthu wolumikiza nyanja ziwiri, ndipo Angerezi adaugwiritsa ntchito pokangana ndi Ajeremani za malire m'chaka cha 1890. Koma tibwerere ku America, kumene kuli nkhani yathu.

Pa nthawi yomweyo imene mapu okongola aja ankagawidwa, munthu wina wakuda wogwira ntchito ya mtengatenga wa makalata, wokhala ku Harlem mumzinda wa New York, dzina lake Victor Hugo Green, adaona kuti anthu a mtundu wake afunika chinthu china chimene mapuwo sankapereka. M'chaka cha 1936 adatulutsa kabuku kamene kadadziwika ndi dzina lakuti Green Book, ndipo kadapitirira kusindikizidwa mpaka cha m'ma 1966. M'kabukumo mudali mndandanda wa mahotela, malo odyera, malo ometera tsitsi, magaraja ndi nyumba za anthu wamba kumene munthu wakuda akadatha kulandiridwa osanyozedwa kapena kumenyedwa. Taimani pamenepa, owerenga, muganizire bwino. Mapu a Texaco ankauza munthu kuti tauni yakutiyakuti ili pa mtunda wa makilomita 40. Sankamuuza kuti m'tauniyo muli chikwangwani chochenjeza munthu wakuda kuti dzuwa lisamulowere ali momwemo. Matauni otere adalipo ambiri, osati kummwera kokha, koma ngakhale m'zigawo zina zimene Route 66 ankadutsa. Mabanja a anthu akuda ankanyamula kamba wa paulendo wonse, mabulangete, zigubu za petulo, ngakhale chidebe chodzithandiziramo, chifukwa sankadziwa ngati malo omwetsera mafuta a kutsogolo adzawalola kulowa m'chimbudzi. Ambiri ankayendetsa galimoto usiku wonse osaima, ana akugona kumbuyo, pakuti kuima kudali koopsa kuposa tulo. Kodi ufulu wa pamsewu uja ndi umenewu? Mapu adali amodzi, msewu udali umodzi, koma maulendo adali awiri, ndipo ulendo wachiwiriwu sudajambulidwe pachikuto. Lamulo loletsa tsankho m'mahotela ndi m'malo odyera lidabwera m'chaka cha 1964, Route 66 ali kale ndi zaka 38.

Mzinda wa Tulsa, m'chigawo cha Oklahoma, umanyadira kuti ndiwo kwawo kwa Cyrus Avery, amene amatchedwa tate wa Route 66 chifukwa cha khama lake pokonza njira ya msewuwo. Kunyadako n'koyenera. Koma mumzinda womwewo, pa 31 May ndi pa 1 June 1921, zaka zisanu zokha msewuwo usanapatsidwe nambala yake, chigulu cha azungu chidatentha dera la Greenwood, kumene kudali masitolo, matchalitchi ndi chipatala cha anthu akuda, nyumba zoposa 1,000 n'kusanduka phulusa ndipo anthu ambiri n'kuphedwa. Wapaulendo wotambasula mapu ake ku Tulsa mu 1930 sakadaona chizindikiro chilichonse cha zimenezi.

Ndipo si anthu akuda okha. M'zaka za m'ma 1930 chilala ndi mphepo za fumbi zidasakaza minda ya ku Oklahoma, Texas ndi zigawo zoyandikana nazo, ndipo mabanja zikwizikwi a alimi osauka, ambiri mwa iwo azungu, adalongedza matiresi ndi miphika pa galimoto zakutha nalowa mu Route 66 kupita ku California. John Steinbeck adalemba za iwo m'buku lake la mu 1939 lotchedwa The Grapes of Wrath. M'chaka cha 1936 apolisi a mumzinda wa Los Angeles, oposa 100, adatumizidwa ku malire a California kukabweza apaulendo amene ankaoneka opanda ndalama. Pa mapu, malirewo adali kamzere ka timadontho kamene chala chimalumpha osazindikira. Nawo eni nthaka enieni, monga Navajo, Hualapai ndi mitundu ya Pueblo, amene msewuwo udadutsa m'maiko awo, ankaonekadi pa zikuto za mapu ena, koma ngati chokongoletsera: munthu wa nthenga kumutu ataima pafupi ndi phiri, kuti mlendo aime ajambule chithunzi, ndipo poimapo agule petulo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa zimene anganditsutse nazo, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Angati wosonkhanitsa mapu si mphunzitsi wa mbiri, ndi munthu wongokonda mitundu ya inki ndi kukumbukira maulendo amene ankayenda ndi atate ake ali mwana. Bwanji kumusenzetsa machimo a dziko lonse? Sindikumuletsa kukumbukira atate ake. Chikumbumtima chake n'chake, ndipo ulendo umene adakondwa nawo udachitikadi. Chimene ndikukana ndi kulumpha kuchoka pa mawu akuti "ine ndidakondwa" kufika pa mawu akuti "anthu ankakondwa". Munthu akangoyala mapu pa tebulo pamaso pa anthu, kapena kulemba za iwo, kapena kuwapereka ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, wayamba kale kuphunzitsa, afune asafune. Ndipo amene amatha kudziwa chaka cha mapu poyang'ana kalembo kamodzi ka m'mphepete sangadzikhululukire kuti sadziwa amene ankaloledwa kugona m'hotela yojambulidwa pa mapuwo.

Angatinso makampani onse sadali ofanana, ndipo n'zoona. Esso inkagawa Green Book pamalo ake omwetsera mafuta, ndipo inkalola anthu akuda kuyendetsa malo otere pa nthawi imene ena ankakana. Pafupi ndi Luther, ku Oklahoma, banja la anthu akuda la Threatt lidali ndi malo akeake omwetsera mafuta m'mbali mwa Route 66, pothawirapo apaulendo a mtundu wawo. Koma mfundo imeneyi ikundithandiza ine, osati onditsutsa. Kampani imene inkapereka mapu ndi dzanja limodzi ndi Green Book ndi dzanja linalo inkavomereza yokha kuti mapuwo paokha sadali okwanira kufikitsa munthu wakuda kumene akupita ali wamoyo. Ndiponso sindikunena kuti onse osunga zakale atseka maso. M'chaka cha 2015 Green Book ya mu 1941 idagulidwa pa msika wa okshoni ku New York pa mtengo wa madola 22,500, kabuku kamene m'zaka zake zoyamba kankagulitsidwa masenti 25. Alipo tsono amene azindikira kufunika kwake. Dandaulo langa ndi lakuti zinthu ziwirizi zimakambidwa ngati nkhani ziwiri zosiyana, ina ya misewu, ina ya tsankho, pamene zidakwera galimoto imodzi.

Pamene okonda zakalewa amandikwiyitsa koposa ndi pa maliro amene amalira. Eisenhower uja, atakhala pulezidenti, adasaina lamulo la pa 29 June 1956 lomanga misewu ikuluikulu yatsopano yotchedwa Interstate, ya makilomita pafupifupi 66,000. Misewu imeneyi idalambalala matauni ang'onoang'ono, ndipo malonda a m'mbali mwa misewu yakale adafota. Glenrio, pa malire a Texas ndi New Mexico, adasanduka bwinja m'zaka za m'ma 1970. Williams, ku Arizona, adali tauni yomaliza kulambalalidwa, mu 1984, ndipo mu 1985 nambala ya 66 idachotsedwa pa mndandanda wa misewu ya boma. Ku Seligman, wometa tsitsi wina, Angel Delgadillo, adasonkhanitsa anzake mu 1987 nayambitsa bungwe lotsitsimutsa msewuwo, ndipo lero alendo ochokera m'maiko ambiri amaima pa tauni yakeyo. Ndimamulemekeza bamboyu, ndipo chisoni cha anthu a m'matauni amenewa chidali chenicheni. Chaka cha 2026 ndi chokumbukira zaka 100 za Route 66, ndipo nkhani za matauni amenewa sizisowa wozikamba.

Koma misewu yatsopano ija sidangolambalala matauni. Kwina idalowa pakati penipeni pa anthu. Ku St. Paul, m'chigawo cha Minnesota, msewu wa Interstate 94 udang'amba pakati dera la anthu akuda la Rondo, mabanja mazanamazana n'kusamutsidwa. Ku Miami, Interstate 95 adagwetsa mtima wa dera la Overtown. Ku Tulsa, anthu a ku Greenwood amene adamanganso nyumba ndi masitolo awo pa phulusa la 1921 adaona Interstate 244 akudutsa pamalo omwewo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mwini hotela wa ku Glenrio adataya makasitomala. Mwini nyumba wa ku Rondo adataya nyumba, tchalitchi ndi anansi. Woyambayo amajambulidwa pa makapu ndi pa malaya ogulitsa kwa alendo. Wachiwiriyo amamulira ndi abale ake okha.

Chodabwitsa n'chakuti umboni wa zonsezi uli m'mabokosi a osonkhanitsa mapu omwewo. Kuseri kwa mapu ambiri a misewu kudali timapu ta mizinda toonetsa msewu uliwonse ndi dzina lake. Munthu atatenga mapu a St. Paul a 1955 n'kuwayala pafupi ndi a 1970, angathe kuwerenga ndi chala misewu imene idadulidwa ndi imene idamezedwa, chinthu chimene telefoni ya m'manja singamuonetse. Ndicho ndikupempha: pa tebulo limene pali mapu a Esso a 1950 pakhalenso Green Book ya chaka chomwecho, ngakhale yongokopera, ndipo pafupi ndi mapu a Route 66 odutsa ku Tulsa pakhale mapu a mzindawo a zaka 40 pambuyo pake. Sipafunika kulalikira, mapepalawo akayandikana adzatsutsana okha, ndipo mwana wa sukulu wodutsa pa tebulopo adzafunsa yekha mafunso.

Ku New Orleans kuli msewu wotchedwa Claiborne Avenue, wodutsa m'dera lakale la anthu akuda la Tremé. Pakati pa msewuwo padali bwalo lalitali la udzu ndi mizere ya mitengo ikuluikulu ya oak, pamene mabanja ankacheza pamthunzi ndi kusonkhana pa chikondwerero cha Mardi Gras, masitolo awo ali mbali zonse ziwiri. M'chaka cha 1966 mitengoyo idayamba kugwetsedwa kuti pamwamba pake padutse Interstate 10, msewu wokhala pa mizati ya simenti. Pa mapu a misewu a zaka zotsatira, malowo ndi mzere wonenepa, wooneka bwino, wolonjeza ulendo wachangu. Pansi pa mzerewo anthu a ku Tremé amasonkhanabe, galimoto zikulindima pamwamba pa mitu yawo, ndipo pa mizati ina ya simentiyo adajambulapo ndi penti mitengo ya oak.